Kumudzutsa Dave pa laputopu ya masiku ano

Mvula yoyamba itaulula kuti denga la chipinda chakumbuyo kwa amayi ku Zomba likudontha, ndinapita Loweruka lina kukawathandiza kusamutsa makatoni. Amayi sataya kanthu. Muli makalendala a zaka zomwe ine ndinali ndisanabadwe, malisiti a fizi, mabuku a nyimbo othothoka zikuto. Pansi pa katoni ina ndinapeza CD ili mu envelopu ya khaki, pamwamba atalemba ndi maka, dzanja lawo lija lopendekera kumanja: ZANGA ZA MU KOMPYUTA 2006. Nditawafunsa anati, "Aa, taya zimenezo iwe, ndi makalata anga opemphera tchuthi ndi zithunzi za phwando lotsanzikana ndi abwana ena." Sindinataye. Ndine mwana wawo.

Laputopu yanga ilibe polowetsa CD. Ndi zija zobwera kuchokera ku UK zitagwirako kale ntchito, yokhala ndi £ pa batani la 3, ndipo muli Windows 10 ya 64-bit. Choncho Lolemba pa lanchi ndinalowa m'kashopu kena ka fotokope ku Limbe komwe akadali ndi desktop yakalekale. Mnyamata wa pamenepo anaipukuta CD ija pa malaya ake, ine mtima uli m'mwamba, n'kuyamba kukopera pa flash. Mafayilo awiri anakana, ena onse anabwera. Ndikusuzumira pa sikirini yake ndinaona mafoda atatu: MAKALATA, ZITHUNZI, kenako kachitatu ka zilembo zinayi zokha, DAVE. Ndinaseka mokweza mpaka mnyamatayo ananditembenukira ngati mutu wanga wasokonekera.

Kwa inu amene munabadwa mafoni atafika kale: Dangerous Dave ndi gemu ya kamunthu kovala kapusi yofiira, kamene ntchito yake ndi kuthamanga, kudumpha, kutola madayamondi ndi mphete, kuzemba moto, madzi ndi zilombo. Pa level iliyonse pali chikho chagolide, ndipo usanachitenge chitseko chotulukira sichikudziwa. Ma level alipo 10. Pamwamba pa sikirini pali timitu titatu ta Dave, ndiyo miyoyo yako. Palibe zosunga pomwe wafika. Timitu tikatha, wabwerera pa 1 ngati sunakhaleko, ngakhale unali pa 8.

Amayi anali mlembi pa ofesi ina ku Zomba, ndipo cha m'ma 2001, ine ndili Sitandade 7, anawapatsa kompyuta ya Windows 98. Madzulo ankaifunditsa nsalu ngati wailesi ya pabalaza. Loweruka m'mawa akapita kukamaliza kutayipa maminitsi ankatitenga ine ndi achimwene, chifukwa kutisiya kunyumba kunali kuitana milandu. Iwo akanyamuka kupita kukasindikiza kapena kukamwa tiyi, ife phi pampando. Lamulo linali limodzi: ukafa, dzuka. Achimwene sankafa msanga, ndiye ine nthawi yambiri ndinkangoima kumbuyo kwa mpando n'kumakuwa "dumphani!" Phokoso la gemuyi silinkatuluka m'masipika koma m'kasipika ka mkati mwa bokosi lenilenilo, kopanda pochepetsera, choncho achimwene ankavula juzi n'kuphimba kutsogolo kwa bokosilo kuti a mlonda asamve. Amayi akabwera, mawu anali omwewo sabata iliyonse: "Mundiwonongera makina a eni ake ndi zidole zanuzo."

Usiku wa Lolemba lomwelo, mbale zitatsukidwa, ndinamuitana mwana wanga wa zaka 10 kuti adzaone zimene amake ankasewera. Ndinadina kawiri pa DAVE.EXE. Panatuluka kabokosi ka buluu: "This app can't run on your PC." Basi. Mwana anandiyang'ana, n'kuyang'ana sikirini, n'kubwerera ku foni yanga.

Ndinatumiza uthenga kwa achimwene ku Johannesburg. Pasanathe mphindi zisanu voice note inafika, mawu odzaza ndi ukatswiri: "Iwe, zosavuta zimenezo. Right click, Properties, Compatibility, usankhe Windows 98. Kenako Run as administrator." Ndinachita. Ndinayesa 98, ndinayesa 95, ndinayesa XP. Kabokosi komweko. Voice note yachiwiri inati vuto ndi Windows 10 yangayo, ndikweze ndipite pa 11. Pano ndikudziwa kuti malangizo onse awiri anali kuthira madzi pa mwala, koma usiku umenewo ndinawatsatira mokhulupirika mpaka cha m'ma 11 koloko.

Panalinso msampha umene ndinatsala pang'ono kugweramo. Nditafufuza pa intaneti ndinapeza tsamba lolonjeza "Dave for Windows 10", batani lobiriwira lalikulu ngati chitseko cha tchalitchi. Nditadina, fayilo imene inayamba kutsika inali ya ma MB makumi angapo. Ndinaiimitsa poyamba chifukwa chodandaula bandulo, kenako nzeru inabwera pambuyo: DAVE.EXE ya pa CD ya amayi sikwana ndi 100 KB yomwe. Chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp chimatha kuiposa. Nanga zina zonsezo m'fayilo yawoyo ndi chiyani? Musamatsegule zoterozo. Ngati muli ndi gemu yanu yeniyeni ya kale, chimene mukusowa si gemu ina.

Tsiku lotsatira ndinakhala pansi n'kuwerenga modekha, ndipo nkhani yake ndi iyi. Dave si pulogalamu ya Windows ayi. Ndi ya DOS, pulogalamu yakale yoyendetsera kompyuta pochita kulemba malamulo, ya 16-bit, ya mu 1990. Windows 95 ndi 98 zinamangidwa pamwamba pa DOS, ndiye Dave pa kompyuta ya amayi anali kwawo, ankangolowa ngati mwana wa m'nyumba. Windows XP itabwera mu 2001 pansi pake panalibenso DOS, koma munali kachipinda ka alendo kotchedwa NTVDM komwe mapulogalamu akale ankafikiramo. N'chifukwa chake m'ma cafe ndi m'masukulu Dave anapitirizabe kuseweredwa zaka za XP. Pa Vista ndi Windows 7 za 32-bit kachipindako kanalipobe, koma ma driver atsopano a sikirini sankalola mapulogalamu a DOS kudzaza sikirini yonse, ndipo ambiri tinayamba kuona uthenga uja woti "This system does not support fullscreen mode". Pa Windows ya 64-bit iliyonse, NTVDM mulibiretu. Njira imene purosesa, ubongo wa kompyuta, inkagwiritsa ntchito podziyerekeza ngati purosesa yakale ya 8086 sipezeka ikamayenda mwa 64-bit. Si kuti china chawonongeka kapena wina anaiwala. Chipindacho sichinamangidwe.

Ndiye Compatibility ija imatani? Imangonamiza pulogalamu ya Windows kuti ili pa Windows yakale, ngati kumuuza mlendo kuti muno ndi m'mudzi mwanu momwe. Zimathandiza mlendo amene walowa kale m'nyumba. Dave ankabwezedwa pa geti penipeni. Ndipo Windows 11, imene inatuluka mu 2021, ilibe ndi mtundu wa 32-bit womwe, choncho malangizo achiwiri a achimwene akanangonditengera kutali kwambiri. Ndinawauza zimenezi. Anayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu, komwe kwa iwo ndiko kupepesa.

Mankhwala ake ndi DOSBox. Ndi pulogalamu yaulere imene anayambitsa anyamata awiri a ku Netherlands, Peter Veenstra ndi Sjoerd van der Berg, mu 2002. Ntchito yake si kukonza gemu koma kumanga kompyuta yonse yakale mkati mwa yatsopano: purosesa yake, khadi la zithunzi la VGA, khadi la mawu, kasipika kaja ka m'bokosi, ndi DOS yomwe. Gemu ikalowa mmenemo sidziwa kuti zaka zapita. Ine ndinatenga 0.74-3, ya mu 2019, pa tsamba lawo lenileni. Sikwana 2 MB, bandulo simva n'komwe. Palinso ana ake monga DOSBox-X ndi DOSBox Staging amene akusamalidwabe mpaka pano ndipo ali ndi zambiri, koma kwa Dave yakaleyo ikukwana. Masewera ambiri akale amene amagulitsidwa pa GOG.com amabwera atakutidwa mu DOSBox yomweyi, kungoti wogula saiona. Pa Internet Archive mungasewerenso masewera a DOS mu browser momwemo, koma ine ndinkafuna foda ya amayi, osati ya wina, komanso chinthu choti chiziyenda bandulo itatha.

Nditaitsegula panabwera windo lakuda, m'munsi muli Z:\> ndi kamzere kophethira. Palibe podina. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ngakhale ndinakulira pa Dave, DOS sindinaigwirepo. Ife tinkangodina kachithunzi.

DOSBox siona mafayilo anu mpaka mutaiuza foda imene ikhale ngati hard disk yake. Ndinali nditaika zonse mu foda yotchedwa "Masewera akale a amayi", mkati mwa Documents, ndipo dzina limenelo linandivutitsa. DOS imadziwa mayina a zilembo 8 zokha, kadontho, ndi zina zitatu, opanda mipata. Dzina lalitali limadulidwa n'kukhala ngati MASEWE~1, ndipo kuti upeze kanyongolotsi ka ~ pa kiyibodi ndi nkhani inanso. Ndinawerenga pa zala: m-a-s-e-w-e-r-a. Zilembo 8 ndendende, ngati Chichewa chinapangana ndi DOS. Ndinapanga foda C:\masewera n'kuponyamo DAVE. Musaipatse C: yonse, DOSBox yomweyo imachenjeza, chifukwa chilichonse chimene chili mu foda imene mwaipatsa chikhoza kufufutidwa kuchokera mkatimo.

Kenako vuto lopusa kuposa onse, limene linandidyera theka la ola. Ndikadina batani la \ mkati mwa windo lakudalo, sipankatuluka \. Kiyibodi ya ku UK imaika zizindikiro zina pamalo osiyana ndi ya ku America, ndipo DOSBox inkawerenga mwa njira yake. Ndinadina batani lililonse la kumanja ndi kumanzere, ndi Shift, popanda Shift. Safunsa anadya phula: yankho linali mu README, fayilo ya malangizo imene imabwera ndi pulogalamuyo, pansi pa funso la anthu olephera kulemba \ kapena :. Akuti gwiritsani ntchito / m'malo mwake, kapena Alt ndi 92. Ndiye ndinalemba:

mount c c:/masewera

c:

cd dave

dave

Sikirini inaphethira. Kenako moto wofiira uja wa pa dzina la gemu, ndi tinjira ta njerwa pansi pake. Ndinadina Space. Dave anaima pakona ya kumanzere, kapusi yake ili pamutu, ndipo nditadina muvi wa m'mwamba laputopu inalira kaphokoso kaja kokwera n'kutsika, kosakoma, ka nsikidzi yoimba. Ndinamva fungo la polishi wa pansi wa ofesi ija. Sindikukokomeza. Ndinakhala duu, manja ali pa kiyibodi, mpaka mwana anafunsa kuti, "Amama, ndi imeneyi?" Mawu ake anali a munthu amene walonjezedwa nyama n'kupatsidwa bonya.

Ndinkaganiza kuti ntchito yatha. Inali itangoyamba, chifukwa kuyaka ndi kwina, kukhala mmene inalili ndi kwinanso.

Choyamba Dave anali wamfupi ndi wonenepa. Poyamba ndinaganiza kuti ndi maso anga, kapena kuti ubwana umatalikitsa zinthu. Ayi. Gemuyi ndi ya timadontho 320 m'lifupi ndi 200 m'litali, koma ma monitor a chimbuyo aja anali a 4:3, choncho kadontho kalikonse kankakokedwa m'mwamba, kutalika kwake kuposa kufupika kwake ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Ojambula ankajambula akudziwa zimenezo. Sikirini ya masiku ano timadontho take n'tofanana mbali zonse, ndiye chilichonse chimaoneka chophwatalala. Mankhwala ali mu fayilo ya zosankha, imene mumaitsegula pa Start, pa DOSBox 0.74-3 Options. Imatseguka mu Notepad, mizere yambirimbiri. Pezani aspect=false musinthe ikhale aspect=true. Ine ndinasinthanso fullresolution kukhala desktop ndi output kukhala opengl, kuti ndikadina Alt ndi Enter gemu idzaze sikirini bwinobwino. M'mbali mumatsala mizere iwiri yakuda. Isiyeni. Mwana ankafuna ndiitambasule ifike m'mbali monse, ndinakana. Dave wa mimba sindikumudziwa ine.

Chachiwiri ndi liwiro, ndipo apa m'pamene ine ndi achimwene tinakangana masiku awiri. DOSBox imayeza mphamvu ya purosesa yake yongoyerekezayo ndi nambala yotchedwa cycles, imene imaoneka pamwamba pa windo. Pa gemu ngati iyi imayambira pa 3000. Ctrl ndi F11 imachepetsa, Ctrl ndi F12 imawonjezera, ndipo pa laputopu yanga uyeneranso kugwira Fn, zala zitatu ngati ukuimba limba. Izi zilipo chifukwa masewera ambiri a nthawi imeneyo ankathamanga molingana ndi purosesa: ukawaika pa makina amphamvu, zonse zimauluka. Ndicho chifukwa makompyuta akale ena anali ndi batani lolembedwa Turbo. Ndinajambula kavidiyo n'kutumiza. Achimwene anati Dave akufulumira, wathu uja ankayenda mwaulemu. Ndinachepetsa, ndinachepetsanso, mpaka Dave anayamba kudumpha ngati ali m'phala. Anati tsopano wachedwa. Ndinabwezera pa 3000 osawauza, n'kutumiza kavidiyo kena. "Eya, pamenepo! Ndi ameneyo!" Sindinawauze mpaka lero, ndipo ngati mukuwerenga, achimwene, pepani. Ine ndikuganiza kuti amene wasintha liwiro si Dave. Zala za munthu wa zaka 40 si za wa zaka 15.

Chachitatu ndi mabatani. Pa Dave, Alt ndi mfuti, Ctrl ndi jetpack, kachikwama kowuluka nako kaja. Pa kiyibodi ya laputopu, pakati pa Ctrl ndi Alt pakhala Fn ndi batani la Windows, tonse tothinana ngati anthu a mu minibasi ya ku Ndirande. Pa level 3, pamene akangaude amayamba, ndinafuna kuwombera n'kudina la Windows. Gemu inabisala, Start inatseguka, pobwerera ndinapeza kamutu kamodzi kachoka. Tsiku lina zinaposa pamenepo: m'chipwirikiti ndinagwira Ctrl, Alt ndi muvi nthawi imodzi, ndipo sikirini yonse inatembenuka chagada, chilichonse chili cham'mbali. Mwana anagwa pansi ndi kuseka. Malaputopu ena ali ndi njira yachidule imeneyi yotembenuzira sikirini. Ctrl, Alt ndi muvi wa m'mwamba zimaibweza, ndipo mungaizimitse mu pulogalamu ya graphics. Ine ndinachita ziwiri: ndinaizimitsa, kenako ndinatsegula mapper ya DOSBox, posinthira ntchito za mabatani, ndi Ctrl ndi F1, n'kusamutsa mfuti kupita pa X, jetpack pa Z. Zikuyenda, koma zala zanga zimapitabe pa Alt zokha. Samalaninso ndi Ctrl ndi F9: imatseka DOSBox yonse osafunsa.

Pomaliza ndinapita pansi penipeni pa fayilo ya zosankha ija, pamene palembedwa [autoexec], n'kulembapo mizere inayi ija. Tsopano ukangotsegula DOSBox, Dave amabwera yekha. Ndinachitira mwana, koma kunena zoona ndinachitiranso ine, kuti ndisadzakumanenso ndi \.

Mwanayo anayamba kusewera tsiku lachitatu, atatopa ndi kundionerera ndikufa. Dandaulo lake loyamba linali loti gemu ikukakamira. Ukafika kumapeto kwa sikirini, Dave amaima kaye, dziko lonse n'kukokedwa kupita kumanzere, kenako n'kupitiriza. Iye wazolowera za pa foni momwe dziko limayenda nawe mosalala. Ndinamuuza kuti si kuwonongeka, anapangidwa choncho, ndipo kumbuyo kwake kuli nkhani imene inenso ndinaidziwa sabata yomweyo. Dave anamupanga John Romero mu 1988 pa Apple II, ndipo wa DOS amene tikumudziwa ifeyu anatuluka mu 1990 pa kampani ya Softdisk ku Shreveport, m'chigawo cha Louisiana ku America. Nthawi imeneyo ma PC sankatha kuyendetsa dziko mosalala cham'mbali ngati Nintendo. Mu September chaka chomwecho mnzake wa pantchito, John Carmack, anapeza njira yake, ndipo usiku umodzi iye ndi Tom Hall anamanganso level yoyamba ya Super Mario Bros. 3 pa PC, m'malo mwa Mario n'kuikamo Dave yemweyu, n'kumusiyira Romero diski pa tebulo. Kuchokera pamenepo kunabadwa Commander Keen, kenako kampani ya id Software mu 1991, Wolfenstein 3D mu 1992, ndi Doom mu 1993. Ndiye kukakamira kumene mwana wanga akudandaulako ndi chithunzi cha PC itatsala pang'ono kuphunzira kuyenda. Iye anangoti "oho" n'kugwera m'moto.

Koma sanasiye. Pa foni gemu ikamuvuta amaonera kanema wotsatsa malonda n'kupatsidwa moyo wina. Apa palibe wokupatsa kanthu, kupatula moyo umene umaupeza wekha mapointi akachuluka. Anayamba kuloweza malo odumphira, kuwerengera kayendedwe ka kangaude asanawombere. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Pofika Lamlungu anali pa level 4.

Tsopano nkhani imene yandichititsa kulemba zonsezi.

Timitu tikatha, Dave amaonetsa mndandanda wa akatswiri: mizere isanu, uliwonse mapointi, dzina la zilembo zitatu, ndi level imene munthu anafera. Mndandandawu sukhala mkati mwa gemu. Uli mu kafayilo kakang'onong'ono kotchedwa DSCORES.DAV, mu foda momwemo. Amayi pokopera foda yonse mu 2006 anakopera ndi kameneka. Choncho usiku woyamba uja, nditafa komaliza, mndandanda umene unatuluka sunali watsopano. Unali wa ofesi ya ku Zomba, mmene unalili tsiku limene kompyuta ija inazimitsidwa komaliza.

Pa nambala 5 panali ine, zilembo zanga zitatu, level 5. Ndinaukumbuka mpaka tsiku lake, linali la mvula ndipo achimwene anali ndi malungo. Pa 4 ndi pa 2 panali achimwene, ndi zilembo za dzina lawo la kusukulu. Kwa zaka zoposa 20 akhala akutikumbutsa pa maukwati ndi pa maliro pomwe kuti palibe anawaposa pa kompyuta ija. Koma pa nambala 3 ndi pa nambala 1 panali dzina limene sindinalionepo: MAI. Wa pamwambayo anafera pa level 9, ndipo anawasiya achimwene ndi mapointi oposa 10,000.

Ife tinasiya kupita ku ofesi kuja mu 2003, tonse titapita ku sukulu zogonera konko. Kompyuta inakhalabe pa tebulo la amayi zaka zina zitatu. Ndipo pa ofesi yonse ija, kuyambira abwana mpaka a mesenjala, amayi ankaitanidwa kuti Mai.

Ndinajambula ndi foni n'kutumiza ku Johannesburg. Kunali zii ola lathunthu, chinthu chosachitika. Kenako voice note: "Pa ofesi paja panali azimayi ambiri." Ndinawakumbutsa kuti kiyi wa chipinda chija anali ndi munthu mmodzi. Anati mwina fayiloyo yawonongeka ndi ukalamba wa CD. Ndinawafunsa ngati CD ikakalamba imaphunzira kulemba Chichewa.

Musanalole aliyense kusewera pa foda yakale, koperani kaye kafayilo ka mapointi mukaike pena. Mizere ndi isanu yokha, ndipo wina akalowa, wa pansi amatuluka osatsanzika. Ine ndinazindikira mochedwa. Lachinayi lapitali ndikuchokera kuntchito ndinapeza mwana akundidikira pa khomo, kumwetulira mpaka m'makutu. Anali wafika level 6, ndipo mzere wanga wa tsiku la mvula uja unali utapita. Mwamwayi wa pa flash ulipo, sunakhudzidwe. Pano ndili ndi makope atatu: pa flash, pa imelo, ndi mu foda ina yotchedwa ZOMBA. Wa mu C:\masewera ndausiya mmene ulili. Anandichotsa mwachilungamo.

Amayi ndinawaimbira Lamlungu atabwera ku tchalitchi. Ndinayamba ndi za denga, za mtengo wa malata, kenako ndinati, "Amayi, CD ija ndinatsegula. Muli Dave."

"Dave wake uti?"

"Wa kapusi yofiira uja. Amene munkati tikuwonongerani makina a eni ake."

"Aa, zidole zanu zija. Zinalowamo bwanji?"

"Ndi zimene ndimati ndikufunseni. Palinso wina wolemba kuti MAI, wafika level 9."

Kunamveka sipuni ikuzungulira m'kapu. Inazungulira nthawi yaitali kuposa mmene shuga amafunira.

"Ine ndinali ndi nthawi ya zimenezo? Ntchito inali yochuluka pa ofesi paja."

"Chabwino amayi. Mdzukulu wanu ndiye wakakamira pa 6."

"Pa 6?" Sipuni inaima. "Umuuze asamayatse chowulukira chija msanga, mafuta ake sachedwa kutha. Ayende pansi pomwe pali poyenda, achisunge. Ndipo asamathamangire madayamondi onse, ena anawaika kuti akuphe."

Sindinayankhe. Ndinali nditatseka pakamwa ndi dzanja.

"Pa Khirisimasi mubwere nayo makinawo," anatero. "Koma mundipezere kiyibodi yeniyeni, ya mabatani otuluka. Tanu tophwatalalato ine sindingathe."